Mlandu wa nkhunda za a Stan

Pali nyumba ina ku Dudley, pamsewu wokwera chitunda, imene ndinauzidwa kuti ndisadzagogodenso chitseko chake. Sanandiletse apolisi ayi. Anandiletsa mayi wina wa magalasi, mwaulemu, akumwetulira, atandipatsa kaye tiyi ndi bisiketi (mzungu akafuna kukumaliza amayamba wakufunsa ngati umamwa wa shuga). Ndifotokoza momwe zinayendera. Amene akufuna kuseka aseke, sindikumuona.

Ife tinabwera kuno ku Britain m'zaka zija manesi a kwathu ankangokwera ndege sabata ndi sabata. Amake Tadala anapeza ntchito pachipatala cha ku Dudley, ine n'kutsatira pambuyo ndi ana, masutikesi, ndi satifiketi ya Fomu 4 imene kuno palibe anapempha kuti aione. Ku Kasungu ndinali kalaliki pa esiteti ya fodya, munthu wa desiki, wokhala ndi kiyi yakeyake ya ofesi. Kuno ndinapezeka ku warehouse ina ku Oldbury, kunyamula makatoni a matailosi mpaka msana kulira, kwinaku kapitawo wa ndolo kukhutu akundiitana kuti "mate". Ine bambo wa ana atatu. Mate wake ndani?

Ndiye tsiku lina m'basi ndinatola nyuzipepala, n'kuona kuti kampani ina ya kafukufuku ikufuna anthu oyenda m'makomo. Nkhani yake inali iyi. Boma limatumiza anthu kukafunsa m'nyumba ngati munthu anaberedwapo, anamenyedwapo kapena kuopsezedwa, chifukwa ambiri zikawachitikira sapita kupolisi. Tsono akuluakulu a ku London anali atalemba mafunso atsopano, ndipo boma linavomereza kuti ayesedwe kaye pa makomo ochepa, aone ngati anthu akuwamva bwino, asanawatumize dziko lonse. Oyesawo tinali ife. Anatiuziratu kuti amene achite bwino pa kuyesaku adzalembedwa ntchito yokhazikika.

Ine ndinangomva mawu awiri: boma, yokhazikika. Ndinagula taye. Lamlungu pa nthawi ya maumboni ndinaimirira kutchalitchi n'kulengeza kuti ndalowa m'boma la Britain, amayi n'kululutira. Tsiku langa lomaliza ku warehouse ndinamuuza kapitawo uja zonse zimene ndinkasunga mumtima, kuyambira kakhalidwe kake mpaka ndolo yakeyo.

"Mukanangopempha holide, bambo a Tadala," anatero amake Tadala.

"Holide amapempha ndi anthu ofuna kubwerera," ndinayankha.

Maphunziro anachitikira ku Birmingham. Wotiphunzitsa anali mayi wa magalasi uja, a Helen. Anatipatsa aliyense laputopu ndi kawayilesi kojambulira mawu, kuti mwininyumba akalola tizijambula kucheza konse, akuluakulu akamvetsere pamene anthu akupunthwa ndi funso. Kenako malamulo. Werengani funso momwe lalembedwera. Musamuthandize munthu kuyankha. Musaikepo maganizo anu. Nkhope yanu isaonetse kudabwa, chisoni kapena mkwiyo.

Ndinakweza dzanja. "Pepani mayi. Munthu wandiuza kuti akuba anamuthyolera nyumba, anamutengera zonse mpaka masupuni. Ine ndinene chiyani?"

"Munene kuti zikomo, n'kupita funso lotsatira."

"Zikomo? Chifukwa choti anaberedwa?"

"Chifukwa choti wayankha."

Mumtima ndinati anthu awa analeredwa ndi ndani. Kwathu munthu akakuuza tsoka lake umaika pansi chimene wanyamula, umati pepani, umafunsa kuti zinayamba bwanji, ndipo ngati pali chochita umachita. Koma ndinakumbukira makatoni a matailosi, n'kugwedeza mutu ngati mwana wa Sande sukulu.

Masiku oyamba ndinadzigwira, ndipo Mulungu ndi mboni. Bambo wina ku Whitmore Reans anandiuza kuti anamuswera galasi la galimoto n'kuzula wayilesi. Ndinati, "Zikomo." Mawuwo anandiwawa pakhosi ngati kwinini. Nditatuluka pageti ndinatembenuka n'kuuza nyumbayo chapansipansi kuti pepani, kuti mtima ukhale m'malo. A Helen atamvetsera matepi anga oyamba anandiimbira foni kuti ndikuchita bwino kwambiri, anthu akumasuka nane. Madzulo ake ndinayenda m'nyumba ngati DC.

Kenako ndinafika kwa a Stan.

A Stan anali mdala wopuma ntchito, wa manja akuluakulu a munthu amene moyo wake wonse anagwira zitsulo m'fakitale. Anandilandira bwino, anandikhazika pa tebulo loyang'anana ndi windo la kuseri, analola kuti ndijambule. Akazi awo, a Doreen, anali kukhitchini, chitseko chili pululu. Ndinayatsa kawayilesi, ndinakaika pakati pa tebulo pambali pa botolo la sosi, tinayamba.

Mafunso oyamba anayenda. Koma yankho lililonse la a Stan linkabwera ndi mchira wochokera kukhitchini. Ndinafunsa kuti amamva otetezeka bwanji akamayenda okha m'dera lawo. A Stan anati otetezeka ndithu. Kukhitchini kunamveka, "Amayenda kuti? Kuchoka pampando kupita kukhola?" A Stan anayankha osatembenuka, "Akufunsa ine, osati wayilesi ya m'khitchini." Ine nkhope gwa, monga mwa lamulo.

Tinafika pa funso limodzi mwa atsopano aja, lofunsa ngati m'miyezi yapitayi china chake chinabedwa panja pa nyumba, m'munda kapena m'kashedi. Mdalayo maso ake anafiira.

"Nkhunda zanga," anatero. "Zabwino zokhazokha. Za mpikisano."

Anandilozera pa windo. Kuseri kunali khola la nkhunda, koma musaganize za kakhola ka maudzu kapamtengo ka kwathu kaja. Iyi inali nyumba. Ya penti, ya mawindo, ya khonde lake. Ku Kasungu mphunzitsi akanaichita lendi. Padenga pake panali nkhunda zingapo zotsala, zikuwothera kadzuwa.

Apa ndiye pamene ndinayenera kunena zikomo. Chala changa chinali kale pa batani. Koma ine ndinakulira pakhomo la nkhunda. Bambo anga anali nazo zodzaza khola, ndipo ndinaona ndi maso angawa momwe zinathera chaka chimene anabweretsa mkazi wachiwiri n'kuyamba phokoso pakhomo. Sizinafe, sizinabedwe. Zinkangonyamuka ziwiriziwiri kupita kwa a Gomani kutsidya kwa dambo, kumene anthu ankalankhulana bwino. Mwana aliyense kwathu amadziwa kuti nkhunda sizipirira ndewu. Ndiye ndinangoti ndifunse kafunso kamodzi kapadera, kakang'ono.

"Loko anathyola?"

"Ayi."

"Waya anadula?"

"Ayi. Ndinazitsekulira kuti ziuluke monga mwa masiku onse, sizinabwerenso. Pali munthu wina misewu iwiri kumtundaku amene amazikola. Ndikumudziwa."

"Munamuona?"

"Sindifunika kumuona."

"Zinatopa naye basi!" anakuwa a Doreen. "Zili ndi mapiko, zinachita mwayi. Ine ndilibe."

Ndinachotsa chala pa batani paja. Umboni wonse unali utakwana.

"Bambo," ndinatero, "nkhunda zanu sizinabedwe."

"Mwati?"

"Zasamuka. Nyumba ino muli phokoso."

Mdala uja anandiyang'ana ngati ndalankhula Chitumbuka. Ndinamufotokozera bwinobwino, za bambo anga, za mkazi wachiwiri, za a Gomani. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anagogoda laputopu ndi chala. "Lembani kuti zinabedwa."

"Sindingalembe bodza m'makina a boma."

"Ndi nkhunda zanga, ndi nyumba yanga, ndi yankho langa. Lembani!"

Tsono ine pali chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho, ndicho kukuwiridwa. (Amake Tadala amati chimene sindigwirizana nacho n'choti wina akuwe ine ndisanayambe. Amenewo ndi maganizo awo.) Ndinatseka laputopu kuti phaa. Ndinaitana a Doreen kuti abwere adzakhale pansi. Anabwera msangamsanga, akupukuta manja, nkhope ikuwala ngati munthu amene wadikira basi zaka makumi anayi ndipo yafika. Ndinawakhazika wina uku wina uku, ine pakati. Ndinawauza kuti kwathu banja likamavuta pamakhala munthu wotchedwa nkhoswe, amene amamva mbali zonse, ndipo popeza iwo alibe, lero nkhoswe ndine. Ndinamasula taye pang'ono.

Laputopu ndinatseka. Kawayilesi kaja, pambali pa botolo la sosi, sindinakakhudze.

"Mayi, yambani ndinu."

Abale anga, mayi uja anayamba. Anayambira chaka chimene anakwatirana. Anati ulendo wawo woyamba atakwatirana anapita ku Blackpool, iye akuganiza kuti akukaona nyanja, osadziwa kuti akukaona nkhunda za anthu ena m'makeji. Anati khola lili ndi hita koma kubafa kwawo munthu amasamba akunjenjemera. Anati tsiku limene ankabereka mwana wawo woyamba, bamboyo anafika kuchipatala mochedwa chifukwa ankadikira nkhunda ina yochokera ku France. A Stan anati nkhundayo inapambana. A Doreen anati mwamva? Mwamva, bambo inu? Ine ndinati ndamva, ndipo bambo apa munalakwa, munalakwa kwambiri, ngakhale mbuzi siichita zimenezo.

A Stan nawo anatsekula thumba lawo. Anati mchemwali wake wa mayiyu amabwera Loweruka lililonse kudzadya, kudzanena miseche, n'kuchoka ndi mazira a m'firiji. Anati m'nyumba muno munthu sungatsokomole popanda kuuzidwa kuti watsokomola molakwika. Anati kukhola amathawirako chifukwa nkhunda siziyankha. Ndinatembenukira kwa a Doreen n'kuti mayi, nanunso pakamwa panu mpofunika mabuleki.

Pamenepo onse awiri anayamba kulankhula nthawi imodzi. Wina za hita, wina za mazira. Ndinati, "Mmodzimmodzi." Osamva. Ndinati, "Chonde, akuluakulu." Osamva. Ndiye magazi anakwera. Ndinaimirira, ndinamenya tebulo ndi chibakera, makapu n'kudumpha, ndipo ndinakuwa ndi mawu amene ndinkaitanira alebala kumunda wa fodya:

"M'NYUMBA MUNO MUSAMVEKE MUNTHU WOKUWA!"

Kunja kunamveka phaphapha. Tonse atatu tinayang'ana pa windo. Nkhunda zotsala zija zinali zitanyamuka padenga la khola, zonse, zikulowera cha ku Tipton.

Ndinatembenukira kwa eninyumba.

"Mwaona?" ndinatero, mawu atatsika pang'ono. "N'zimene ndimanena."

Munthu wanzeru akananyamula laputopu pamenepo. Ine ndinaona kuti mitima yafewa, ndiye ndinati tigwirane manja tipemphere. Sindikudziwa ngati anavomera kapena ankangoopa, koma manja anandipatsa. Ndinapemphera m'Chichewa, chifukwa pemphero la Chingerezi silindituluka ndi mphamvu. Nditati ameni, nkhunda zinali zitayamba kubwerera imodziimodzi, a Stan akuziwerenga ndi milomo. Mtima wanga unadzaza. Ndinati ntchito imeneyi ndiimalize mwamwambo.

"Kwathu," ndinatero, "anthu akayanjana amadyera limodzi. Musavutike kukagula nkhuku. Mugwire ziwiri mwa zabwererazi, zonona bwino, mayi akazinge ndi anyezi ndi tomato pang'ono. Nkhunda siifuna zambiri."

Sindinaonepo mzungu akuyera kuposa mmene alili kale, koma a Stan anayera. Amene analankhula ndi a Doreen, mayi yemwe uja amene mphindi zochepa zapitazo ankafuna kuyatsa khola.

"Mukuti tidye mbalame za Stan?"

"Ziwiri zokha."

"Zili ndi mayina!" Anaimirira n'kukaima kumbuyo kwa mwamuna wawo, dzanja paphewa. "Usawamvere, Stan, wokondedwa. Inu, tengani katundu wanu. Tulukani m'nyumba mwathu."

Anandiperekeza onse awiri mpaka pageti, wina atanyamula jekete langa, wina akundiponyera kawayilesi m'chikwama. Ndipo ndikuuzeni zoona, ndili pa siteji ya basi ndinkamva kukoma. Ndinawapeza akukangana, ndinawasiya atagwirana. Nkhoswe amafunanso chiyani?

Kunyumba ndinafotokoza nkhaniyi monyadira. Amake Tadala anali akuvula nsapato za kuntchito. Anaseka mpaka anagwira khoma.

"Inuyo? Nkhoswe? Inu amene munakangana ndi makina ochapira Lachiwiri?"

"Makinawo ndi amene anayamba."

"Nanga kawayilesi kanu kaja munazimitsa?"

Ndinatsekula chikwama. Kanali katazima kokha, tepi itatha. Ndinabweza m'mbuyo pang'ono, ndinadina, n'kumva mawu anga akuti anyezi ndi tomato. Ndinati palibe vuto, ndifufuta, ndikanene kuti mabatire anatha. Tadala, mwana amene anafika kuno akulankhula Chichewa chabwinobwino koma pano amangoyankha m'Chingerezi, anadzutsa mutu pa homuweki yake. "Dad, that's actually worse." Amake anawonjezera kuti munthu amene anakana kulemba bodza m'makina a boma asayambe lero. Ndinapereka tepiyo pamodzi ndi ena onse. Ndinadzilimbitsa mtima kuti matepi ndi ambiri, ndani angamvetsere onse.

Sindinadziwe kuti a Doreen anali ataimba kale foni ku ofesi.

Kumapeto kwa kuyesa kuja anatiitana tonse ku Birmingham kuti tikambirane momwe mafunso ayendera. Panabwera ndi bambo wina wa boma wochokera ku London, wa suti yotuwa, wolemba chilichonse. Tinadutsa mafunso bwinobwino. Titafika pa funso la zinthu zobedwa panja pa nyumba, a Helen anati pali tepi imodzi imene akufuna kuti tonse timve, mayina a eninyumba awachotsa. Sanatchule kuti ndi ya ndani. Sipanafunike. M'chipinda monse munthu wotchula "pigeon" ngati akuitana mwana wa ku Dowa ndinali ndekha.

Anthu inu, mawu ako ukamawamva pa sipika amakhala a munthu wina, ndipo munthuyo ndi wamisala. Poyamba anzanga ankayang'ana pansi. Pofika pa mbuzi, mayi wina wa ku Jamaica anali ataluma mpango. Pamene ndinamenya tebulo, sipika inalira kuti dii, bambo wa ku London n'kugwetsa cholembera. Kenako panamveka mapiko. Kenako mawu anga: "Mwaona?" Apo chipinda chonse chinagwa. Wina anatuluka panja akutsokomola.

Ngakhale pamenepo, ndikukhulupirira kuti ntchito ikanapulumuka. A Helen ankandikonda. Ndikanangoti pepani, ndinalakwa, sizidzachitikanso, mwina akanandipatsa chenjezo basi. Koma bambo wa ku London uja anatola cholembera chake, n'kundifunsa mwaulemu, ngati munthu wofunadi kudziwa:

"Ndiye inu mukukhulupirira kuti mbalamezo zinachoka chifukwa cha mikangano ya m'banja?"

Amake Tadala amati pamenepo mngelo aliyense kumwamba ankandikodola kuti khala chete. Ine ndinaimirira. Ndinati sikukhulupirira ayi, ndi kudziwa. Ndinati inu mwakhala ku London kulemba funso lokhala ndi mabokosi awiri, inde ndi ayi, ngati kuti chinthu chilichonse chosowa pakhomo chatengedwa ndi wakuba. Ndinati mukapitiriza chonchi mudzadzaza mabuku a boma ndi akuba amene kulibe, apolisi n'kumathamangitsa anthu osalakwa, pamene vuto lili kukhitchini. Ndinamufunsa ngati anawetapo nkhunda. Anati ayi. Ndinamufunsa ngati ali pabanja. Anati anasiyana. Ndinati ndinadziwa.

Tiyi ndi bisiketi zija zinabwera patangopita theka la ola, mu ofesi ya a Helen. Anati sanaonepo munthu wotha kutsekula anthu pakamwa ngati ine, koma ntchito iyi ikufuna munthu wotha kutseka pake. Anati dzina langa silikhala pa gulu la olembedwa ntchito yokhazikika. Anati ndisadzapitenso kunyumba ija, ngakhale kukapepesa, makamaka kukapepesa. Pomaliza anapempha ngati ndingalole kuti tepi ija aziigwiritsa ntchito pophunzitsa anthu atsopano, poti eninyumba avomera kale. Ine ndinamva ngati ulemu. Ndinasayina.

Lolemba lotsatira ndinali ku Oldbury, chipewa m'manja, pamaso pa kapitawo wa ndolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Welcome back, mate," anatero, ndipo mate ameneyo anamukoka ngati chingamu. Kutchalitchi ndinangoti kontirakiti ya boma inatha, anthu n'kuti Mulungu atsekula khomo lina.

Panapita chaka ndi miyezi. Lamlungu lina abusa anandipempha kuti nditseke mapemphero. Ndili mkati mopemphera ndinamva benchi ya kumbuyo ikugwedera. Ndinasuzumira ndi diso limodzi: mayi wina wachilendo, wa ku Chipata, amene anali atangoyamba kusonkhana nafe, anali atagwira pakamwa, mapewa akunjenjemera, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati Mzimu wamugwira, n'kuwonjezera mphamvu. Titatuluka anandipeza pa tebulo la tiyi.

"Atate, mundikhululukire. Kodi ndinu aja a nkhunda?"

Kapu inatsala pang'ono kugwa. Anati amagwira ntchito ku kampani ija, ndipo tsiku loyamba la maphunziro aliyense amamvetsera tepi yanga. Amaiimitsa pakatipakati, mphunzitsi n'kufunsa kuti apa walakwitsa chiyani, ndipo manja amakwera chipinda chonse.

"Koma pemphero lija," anatero akupukuta maso, "palibe ankalimva. Ndiye atadziwa kuti ine ndimamva Chinyanja, anandipempha kuti ndimasulire kalasi yonse."

"Munamasulira?"

"Mawu ndi mawu, atate. ‘Ambuye, mayi uyu mumutseke pakamwa ngakhale kwa sabata imodzi, ndipo mdala uyu mumupatse nzeru zoposa za mbalame zake.’ Pano analemba pa pepala, amagawa."

Ndinayang'ana uku ndi uku ngati abusa ali pafupi. Kenako ndinamukokera pambali, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, inu ndi wa ku Chipata, nkhunda mukuzidziwa. Ndiuzeni zoona pamaso pa Mulungu. Ndinanama?"

Anaganiza kaye. "Kwathu nakonso zimathawa, atate. Kungoti pa kompyuta palibe bokosi lake."

Basi. Amake Tadala amati phunziro la nkhaniyi n'loti ndizidziwa potsekera pakamwa, ndipo pakhomo ndimavomera kuti nkhani ithe. Koma inu owerenga ganizani bwino. Anatilemba ntchito yoyesa mafunso. Ine funso lija ndinaliyesa, linalephera. Anachotsa ine.